Mlandu wa mbuzi usamatidyere ng'ombe

Kukangomveka kuti anthu olusa awotcha munthu pomuganizira kuba, kapena kuti pachibale atemana ndi zikwanje polimbirana malire a munda, mkangano womwe uja umabukanso pa wailesi, m'minibasi ndi pa masiwa. Ena amati Amalawi tasiya kuopa lamulo. Ena amati boma liwonjezere apolisi ndi majisitireti. Achikulire ambiri amati mphamvu zoweruza zibwerere kwa mafumu, ndipo akangotsegula pakamwa, ophunzira amawadula mawu powakumbutsa makhoti a nthawi ya Kamuzu. Ine mbali yanga ndi iyi: mikangano ya tsiku ndi tsiku, monga ngongole, mbuzi yolowa m'munda mwa eni, kutukwanizana pa mjigo ndi malipiro a ganyu, iziyamba kukambidwa kufupi ndi kumene anthu amagona, m'chilankhulo chawo, pamaso pa anthu osankhidwa amene lamulo likuwadziwa, ndipo chimene agamula chizikhala ndi mano. Khoti la majisitireti likhale kothawira munthu amene sanakhutire. Maiko ambiri, olemera ndi osauka omwe, anachita zimenezi kalekale, ndipo ife tachedwa chifukwa cha mantha amene tiyenera kuwaunika bwinobwino.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Azakhali anga, mayi wamasiye, anabwereka mnansi wawo matumba anayi a chimanga m'mwezi wa njala, pomvana kuti adzabweza akakolola. Anakolola, osabweza. Nkhani inapita kwa anyakwawa, pansi pa mkuyu, amayi atakhala uku abambo uko. Mboni zinayankhula, nduna zinafunsa mafunso, mkulu uja anavomera yekha kuti chimangacho anatengadi, ndipo bwalo linagamula kuti abweze pasanathe mwezi. Atangochoka pabwalopo anauza anzake kumowa kuti, "Kodi amfumu ali ndi ndende?" Azakhali anapita kukhoti. Ulendo wake ndi wa kabaza mpaka pamsewu, kenako matola mpaka kuboma, ndipo ankalipirira mboni ziwiri thiransipoti ndi chakudya chamasana. Tsiku loyamba failo sinapezeke. Lachiwiri woweruza anali atapita kumsonkhano. Lachitatu wodandaulidwa sanabwere. Nditawerengera nawo ndalama zimene anaononga, zinali zitapitirira mtengo wa matumba anayi aja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, ndazisiya m'manja mwa Mulungu."

Nkhani imeneyi ikuonetsa pamene pali bowo. Bwalo la kumudzi lili pafupi, limamva Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka popanda womasulira, limadziwa mbiri ya anthu onse awiri, koma chigamulo chake munthu wamakani akhoza kuchiseka. Khoti lili ndi mphamvu yolanda katundu ndi kutsekera munthu, koma lili kutali, ndi lodula ndipo limachedwa. Pakati pa ziwirizi palibe mlatho. Munthu wosauka amagwera pabowo pomwepo, ndipo akagwa kawiri katatu, tsiku lina amatola chikwanje.

Tsono tiyeni tione mmene anzathu anamangira mlathowo. Ku Philippines, kuyambira mu 1978, anthu awiri okhala dera limodzi akasemphana pa nkhani yaing'ono sathamangira kukhoti. Amayamba kwa mkulu wa barangay, kadera kakang'ono kofanana ndi mudzi kapena lokeshoni kwathu kuno. Iye akalephera kuwayanjanitsa, nkhaniyo imapita kwa anthu atatu ochokera m'gulu la oyanjanitsa a m'deralo. Maloya saloledwa kuyankhulira munthu pamenepo. Akagwirizana, amalemba ndi kusainira, ndipo pakatha masiku 10 popanda wotsutsa, pepalalo limakhala ndi mphamvu ngati chigamulo cha khoti. Akalephera kumvana, wodandaula amapatsidwa chikalata chosonyeza kuti anayesa, ndipo popanda chikalatacho khoti likhoza kumubweza. Ku Rwanda kuli oyanjanitsa otchedwa abunzi, amene anakhazikitsidwa mu 2004. Ndi anthu wamba osankhidwa ndi anzawo chifukwa cha mbiri yabwino, salandira malipiro a pamwezi, ndipo lamulo limati pa anthu 100 alionse, osachepera 30 akhale amayi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti okanganawo ndi amene amasankha atatu oti amve nkhani yawo. Akalephera kugwirizana, aliyense amasankha mmodzi, ndipo awiriwo amasankha wachitatu. Wosakhutira ali ndi kochita apilo, mpaka kukafika kukhoti. Azakhali anga akanakhala ku Huye kapena ku Musanze, pepala la abunzi likanakwanira kuti chimanga chawo chibwere.

Wina akhoza kunena kuti zimenezo n'za maiko osauka amene alibe ndalama zomangira makhoti. Ayi. Ku Norway, dziko lolemera kwambiri, milandu yambiri ya ngongole ndi katundu imayambira ku forliksråd, bwalo loyanjanitsa la anthu wamba atatu osankhidwa ndi khonsolo kwa zaka zinayi, ndipo mwambowu unayamba cha m'ma 1790. Ku England, kumene tinatengera mawigi ndi mikanjo ya majaji athu, milandu yaupandu yoposa 90 pa 100 iliyonse imathera kukhoti la majisitireti, ndipo ambiri mwa oweruza kumeneko ndi anthu wamba osaphunzira zamalamulo, monga aphunzitsi, amalonda ndi anthu opuma pantchito, amene amakhala atatuatatu mosalipidwa, katswiri wa malamulo ali pambali kuwalangiza. Milandu ya ndalama zosapitirira £10,000 ili ndi njira yakeyake yachidule imene munthu amadziyankhulira yekha, ndipo kuyambira mu 2024 ambiri amayamba ayesa kuyanjanitsidwa pa foni kwa ola limodzi, kwaulere. Abale athu a ku Joni akudziwa za Small Claims Court, kumene mlandu wa ndalama zochepa umakambidwa popanda loya, nthawi zambiri madzulo anthu ataweruka kuntchito. Ngakhale oyandikana nawo nyumba sanataye njirayi: Zambia ili ndi makhoti aang'ono oweruza za chikhalidwe pansi pa lamulo la 1966, ndipo Mozambique inakhazikitsa makhoti a m'madera mu 1992. Choncho amene anatiphunzitsa makhoti amadalira anthu wamba pa milandu yaing'ono, pamene ife tikufuna kuti nkhuku yobedwa idikire majisitireti wa kuboma.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndipo yoyamba ndi mbiri yathu yomwe. Mu 1969, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, boma la Dr. Banda linasintha lamulo n'kupatsa makhoti a Traditional Court mphamvu zozenga milandu yakupha, ndipo pambuyo pake youkira boma. Majaji a ku High Court anatula pansi udindo posagwirizana nazo. M'makhoti amenewo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, anaweruzidwa kumeneko mu 1977 n'kunyongedwa. Orton Chirwa, nduna yakale ya zachilungamo, ndi mkazi wake Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992 ndipo Vera anatuluka mu 1993, chaka chomwe makhotiwo anaimitsidwa. Munthu amene anakhala ndi moyo nthawi imeneyo akamva mawu oti khoti la mafumu thupi limachita tsemwe, ndipo ine sindingamuuze kuti aiwale. Koma tiyeni tifunse kuti chinali cholakwika n'chiyani. Makhoti amene anaweruza a Chirwa sanali bwalo la pansi pa mkuyu. Oweruza ake ankasankhidwa ndi boma, ankachotsedwa ndi boma, ankazenga milandu imene boma lasankha kuwatumizira, ndipo apilo yake sinkafika ku High Court. Chinali chida cha ndale chovala chilemba cha ufumu. Amene analemba malamulo oyendetsera dziko mu 1994 ankadziwa bwino chilonda chimenechi, komabe mu gawo 110 anasiya khomo lotsegula kuti Nyumba ya Malamulo ikhoza kukhazikitsa makhoti aang'ono, atawamangira mpanda: azingomva nkhani za chikhalidwe ndi timilandu ting'onoting'ono. Ngati iwo, amene ena mwa iwo analawako ndende, anatha kusiyanitsa ziwirizi, ifenso tikhoza.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mafumu ena amakondera ndipo amadya ziphuphu. Izi n'zoona, ndipo aliyense wokulira kumudzi akhoza kutchula nkhani imene wolemera anapambana chifukwa mbuzi inafika kwa amfumu usiku, kapena imene chabwalo chinakwera mpaka wosauka anangobwerera panjira. Palinso mafumu ogulitsa malo amodzi kwa anthu awiri, kenako n'kukhala oweruza pa mkangano umene anauyambitsa okha. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma yankho la vutoli maiko aja analipeza, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti mfumu ipatsidwe chidindo cha khoti iyo yokha. Ku Rwanda ndi ku Philippines oweruza amakhala atatu, okanganawo amatenga nawo mbali powasankha, zonse zimalembedwa m'buku, ndipo pamwamba pali wina woti aunikenso. Munthu mmodzi ukhoza kumugula ndi nkhuku, koma atatu, amene mmodzi wasankhidwa ndi mdani wako, pamaso pa mudzi wonse ndiponso podziwa kuti majisitireti adzawerenga zimene alemba, n'zovuta. Tionjezere kuti chabwalo chikhale chodziwika, cholembedwa pakhoma, ndipo wolipira azilandira lisiti. Tisaiwalenso kuti kukondera kumeneku kukuchitika lero lomwe, pamene mabwalo a mafumu akuweruza tsiku ndi tsiku popanda buku, popanda wowayang'anira. Kuwakana m'malamulo sikunawatseke. Kwangochititsa kuti azigwira ntchito mumdima.

Mfundo yachitatu ndi imene imandivuta kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono. Omenyera ufulu wa amayi amati mwambo nthawi zambiri umaweruzidwa ndi amuna mokomera amuna. Ku South Africa lamulo la makhoti a mafumu linakanidwa ndi kubwezedwa kuyambira mu 2008 mpaka linasainidwa mu 2023, ndipo ena mwa amene analimbana nalo kwambiri anali amayi a kumidzi, amene ankati m'mabwalo ena mkazi wamasiye saloledwa kuyankhula yekha. Kwathu kuno tikudziwa za achibale a mwamuna amene amafika maliro asanathe n'kuyamba kuwerenga malata ndi mipando. Mantha amenewa ndi enieni. Koma taonani zimene zinachitika ku Botswana, dziko limene kgotla, bwalo la mfumu, lili mbali ya makhoti a boma ndipo lili ndi khoti lake la apilo. Gogo Edith Mmusi ndi azichemwali ake atatu a ku Kanye anauzidwa kuti achoke panyumba ya makolo awo chifukwa, malinga ndi mwambo wa Angwaketse, nyumba imagwera mwana wamwamuna wotsiriza. Khoti la apilo la za chikhalidwe linagamula mowaluza. Iwo anakwera pamwamba, ndipo mu 2012 High Court, kudzera mwa jaji Key Dingake, inagamula mowakomera, kenako mu 2013 khoti lalikulu la apilo linatsimikiza kuti nyumbayo ndi yawo. Ku South Africa nakonso, pa mlandu wa Bhe mu 2004, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa lamulo lakuti mwamuna yekha ndiye wolowa chuma cha masiye. Phunziro lake ndi lakuti mwambo wopondereza umawongoledwa pamene pali makwerero ochoka pabwalo kukafika kwa jaji. Gogo Mmusi anapambana chifukwa chigamulo chomuluza chinali cholembedwa ndipo chinali ndi kokachitsutsa. Mayi wamasiye wa ku Nsanje kapena ku Mzimba amene walandidwa katundu lero alibe pepala lililonse loti akaonetse, ngakhale kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Lamulo labwino lili m'mabuku ku Lilongwe, koma kumudzi kulibe munthu wophunzitsidwa woti aliwerenge pabwalo. Ndipo tisanyoze mafumu onse: Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu aang'ono amene ankawavomereza, ntchito imene palibe khoti likanaikwanitsa pa liwiro limenelo.

Achinayi amati dziko limodzi liyenera kukhala ndi lamulo limodzi ndi khoti la mtundu umodzi, choncho ndalama zonse zipite pomanga makhoti ndi kulemba majisitireti. Ndikuvomereza kuti makhoti athu akufunika anthu, nyumba ndi galimoto, ndiponso kuti Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yoimira osauka kukhoti, ikufunika maloya ochuluka kuposa amene ili nawo. Koma ngakhale titachulukitsa zonsezi kawiri, khoti silidzafika pa mudzi uliwonse, ndipo palibe dziko limene linakwanitsa kuzenga mkangano uliwonse pamaso pa jaji. America ili ndi maloya oposa 1 miliyoni, komabe mwa anthu opezeka olakwa pa milandu yaupandu, oposa 90 pa 100 alionse mlandu wawo suzengedwa mpaka kumapeto: amavomera kulakwa pokambirana ndi oimira boma kuti chilango chichepe. Milandu yambiri ya ndalama nayonso imathera pa kugwirizana kunja kwa khoti. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kukambiranako kumachitika m'maofesi a maloya olipidwa pa ola, pamene kwathu kukhoza kuchitika poyera, mudzi ukumva. Palinso china chimene khoti silinapangidwire. Khoti limafunsa kuti wolakwa ndani, limagamula, n'kuitana mlandu wotsatira. Koma anthu awiriwo akatsika matola amabwerera kumudzi umodzi, amatunga pa mjigo umodzi, ana awo amakhala kalasi imodzi, ndipo mmodzi akafedwa winayo ndiye woyenera kukumba nawo manda. Bwalo labwino limafunsanso kuti anthuwa mawa adzapatsana bwanji moni, n'chifukwa chake pamakhala chipepeso, kugwirana chanza ndi ankhoswe otsatira nkhaniyo. Lamulo likhale limodzi ndithu, loyendetsera dziko lija, koma makomo olowera akhale ambiri.

Otsiriza amati mukatsegula khomo limeneli, milandu yoopsa idzakwiriridwa m'dzina la kukambirana. Mwana wagwiriridwa, akuluakulu n'kumati tithane nazo pachibale, wolakwa alipe mbuzi. Apa sindikutsutsa, ndikuima nawo limodzi. Kupha, kugwiririra, kugona ana, nkhanza za m'banja zovulaza, kunamizira okalamba ufiti, zonsezi n'za apolisi ndi khoti, ndipo woyanjanitsa amene wayesa kuzibisa naye aimbidwe mlandu. Ku Philippines lamulo la 2004 loteteza amayi ndi ana limaletsa akuluakulu a barangay kukakamiza mayi womenyedwa kuti agwirizane ndi womumenya. Rwanda yomwe ikutichenjeza pano. Pambuyo pa kuphana kwa 1994 dzikolo linagwiritsa ntchito mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca, oposa 12,000, amene pofika mu 2012 anali atamva milandu pafupifupi 2 miliyoni, pamene khoti la United Nations ku Arusha linaimba mlandu anthu 93 okha pa zaka pafupifupi 20. Chiwerengerocho chikuonetsa kuchuluka kwa ntchito imene anthu wamba angagwire, koma mabungwe a ufulu wa anthu anadandaula za mboni zonama, mboni zoopsezedwa ndi oimbidwa milandu yaikulu opanda loya. Anyarwanda anachita zimenezo chifukwa ndende zinali zitasefukira ndipo majaji ambiri anali ataphedwa kapena kuthawa. Ife sitili pa mpanipani wotero, choncho tilibe chifukwa chodumphira mpanda. Ndipo ndikhulupirira kuti woyanjanitsa wophunzitsidwa, amene akudziwa malire a ntchito yake ndiponso ali ndi nambala ya foni ya apolisi, adzatumiza milandu yotere kumene ikuyenera msanga kuposa mmene zilili lero.

Chopweteka n'chakuti zipangizo zambiri tili nazo kale. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Local Courts, lokhazikitsa makhoti aang'ono a m'madera, koma makhotiwo sanatsegulidwe, mwa zina chifukwa cha mantha a mbiri ija ndiponso kusowa kwa ndalama. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakonza zoti pakhale mabwalo omva mikangano ya malo kuyambira kwa T/A kukwera mpaka pamwamba. Bungwe la PASI, lothandiza anthu osauka pa nkhani zamalamulo, lakhala likuphunzitsa oyanjanitsa a m'midzi m'maboma ena, ndipo anthu amene anathandizidwa nawo akhoza kuchitira umboni. Chikusoweka n'kulumikiza zidutswazi: aphungu atenge lamulo la 2011 lija, alikonze pomva maganizo a amayi, mafumu ndi maloya, aikemo zoti oyanjanitsa azisankhidwa ndi anthu ndipo amayi asachepere gawo limodzi mwa magawo atatu, zoti pangano lolembedwa pabwalo likadindidwa ndi majisitireti lizigwira ntchito ngati chigamulo, ndi zoti aliyense ali ndi ufulu wochita apilo. Ayambe ndi maboma atatu kapena anayi, chigawo chilichonse chikhalemo, awerenge milandu imene yatha ndi imene yabwerera, kenako afutukule. Mtengo wake ndi mabuku olembamo, maphunziro a milungu ingapo, njinga ndi kalaliki mmodzi pa T/A aliyense. Poyerekeza ndi ndalama zodyetsera anthu amene ali pa rimandi chifukwa cha ndewu imene inayamba ndi ngongole ya K20,000, ndi zochepa.

Azakhali anga ndi mnansi wawo uja akukhalabe moyang'anizana, kanjira kokha pakati. Chaka chatha mkuluyo anataya mdzukulu. Azakhali anapita kumaliro, chifukwa maliro sakanirana, koma anakhala kumapeto kwa mphasa, sanalowe kukhitchini kukathandiza kuphika monga ankachitira kale, ndipo atangochoka kumanda anabwerera kwawo osadya nsima. Matumba anayi aja sanabwezedwe mpaka lero.